A Chimwaza ndi Galu Wawo Ndakuonani

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda ankolo anga, a Chimwaza. Lamulungu lapitali tinasonkhana kwa azakhali ku Woolwich, kuno kudziko la azungu, kudzapemphera, ndipo aliyense amene anaimirira anakamba za uphunzitsi wawo, za ukulu wawo wa mpingo, za mmene ankathandizira anamwino ongofika kumene kulemba mafomu. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene anatchula galu. Ine ndinakhala m'nyumba imene ija zaka zinayi, ndipo zimene ndimakumbukira kwambiri za iwo zili ndi galuyo m'kati.

Anali amuna a azakhali anga aNaphiri, mlongo wa bambo anga. Ndinafikira kwawo nditapeza ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lomwe ndinafika, ndisanavule ndi jekete lomwe, anandikhazika pampando n'kuyamba kundipanikiza ndi mafunso. M'ndege ndinakhala ndi ndani? Anandifunsa chiyani? Adiresi ya kuno ndinaipereka kwa anthu angati? Pali amene anandipatsira kaphukusi? Kaphukusi kanalipo, ka usipa ndi therere louma, kochokera kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Anakamasulira panyuzipepala, kutembenuza usipa umodziumodzi, kenako anakataya m'bini ya panja. Azakhali anangonditsinzinira diso kuti ndikhale chete.

Ankolo anachoka ku Malawi m'zaka zija munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amene walankhula m'chipinda cha aphunzitsi. Anadzera ku Zambia, n'kudzafika kuno ali ndi sutikesi imodzi. Pamene ine ndinkabwera, boma limene analithawa linali litagwa zaka khumi zapitazo, anzawo ambiri ankapita kumudzi kutchuthi n'kubwerako bwinobwino, koma iwo sanapondekonso. Ankati maboma amasintha koma mafayilo sasintha. M'basi ankakwera pamwamba, mpando wa kumbuyo kwenikweni, kuti pasakhale munthu kumsana kwawo. Pafoni sankatchula dzina la munthu, ankangoti "uja wa njinga yofiira" kapena "mkazi wa uja tinakumana naye kumaliro". Kalata ankayamba aiunika pababu asanaitsegule. Ankandilangiza kuti munthu akakufunsa za thanzi lako kamodzi ndi ulemu, akafunsa kachiwiri pali amene wamutuma. Sanali munthu wankhanza ayi. Ankaseka, ankakonda nyimbo za kwaya, ankandidikira pasiteji ya basi mvula ikamagwa atanyamula maambulera awiri. Koma ngakhale pamenepo maso awo ankakhala pa anthu otsika pambuyo panga.

Galu anabwera ndi mwana wawo Chisomo, wobadwira konkuno, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi. Loweruka lililonse ankakathandiza kumalo ena osungirako agalu osowa eni. Kumeneko kunali galu wokalamba amene mwini wake, nkhalamba ina yokhala yokha, inafera m'fulati. Galuyo sankadya, ankangoyang'ana khoma, ndipo palibe amene ankafuna galu wa zaka khumi ndi ziwiri. A bungwelo ankafuna banja loti limusunge mongoyembekezera mpaka atapezeka womutenga. Kufulati kwa Chisomo sankalola ziweto, ndiye anangofika naye kwa makolo ake. Anati masabata atatu okha.

Anali galu wamfupi, wojintcha, wamutu waukulu, wabulauni koma kukamwa konse kuli mbuu ndi imvi. Diso limodzi linali ndi ng'ala. Poyenda ankakoka mwendo wakumbuyo. Pamapepala dzina lake linali Duke.

Mkangano wake unali waukulu. Ankolo anati chibadwire sanaonepo galu akugona m'nyumba ya munthu. Koma chimene chinawavuta kwambiri si chimenecho. Ankafuna kudziwa chifukwa chimene anthu osawadziwa angaperekere galu, chakudya chake ndi mankhwala omwe, osafuna kanthu. Sabata yomweyo kunabwera mayi wa kubungweko, mzungu wamtali wotchedwa Pauline, atanyamula mafomu. Anayendera mpanda wa kuseri, n'kufunsa kuti m'nyumba muno mumakhala anthu angati ndipo amatuluka nthawi yanji. Funso lililonse ankolo ankaliyankha ndi funso linzake. Kenako mayiyo, pofuna kuwakhazika mtima pansi kuti galuyo sangasowe, anatulutsa kamakina n'kukadutsitsa pakhosi pa galu. Kanalira, n'kuonetsa nambala. Anafotokoza kuti pansi pa khungu pali kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga.

Ankolo anatembenukira kwa azakhali, mayiyo ali pomwepo. "Mwaona, aNaphiri? Zaka makumi atatu akhala akufunafuna polowera. Lero alowa ndi miyendo inayi."

"Inu, ndani ali ndi nthawi yomvetsera zokamba zanu?" anatero azakhali. "Ine ndemwe ndinatopa nazo."

Kwa masiku angapo, akafuna kuimba foni kumudzi ndi makhadi aja tinkagula pamsika, ankayamba atulutsa galu kuseri n'kutseka chitseko.

Chimene chinawasintha ndi khalidwe la galuyo. Ukamuikira chakudya sankachikhudza mpaka utachokapo, ndipo ankayamba wanunkhiza mbale yonse mozungulira. Pogona ankaloza mutu kukhomo. Mlendo akalowa sankauwa, sankagwedezanso mchira, ankangomuyang'ana ndi diso lake labwino lija mpaka atatuluka. Ankolo anamuonerera mwakachetechete, ndipo tsiku lina ndinawamva akuuza azakhali kuti galu ameneyu anaona zinthu. Anati galu wamkota sakandira pachabe. M'mawa wina ndikuchokera kushifiti ndinawapeza atagwada pakhitchini, akumudyetsa nkhuku pamanja, akumulankhula m'Chichewa kuti adye, aiphika okha, palibe wina waigwira.

Dzina la Duke analikana. Anati kwathu dzina la galu ndi uthenga wopita kwa aneba, ndiye anamutcha Ndakuonani. M'mawa uliwonse ankapita naye kubwalo lalikulu la udzu lija la ku Woolwich, nkhalamba ziwiri zotsimphina, ndipo poti galuyo makutu anali atayamba kugontha, ankolo ankachita kukuwa. "Ndakuonani! Ndakuonani!" Tsiku lina mayi wina wa ku Zambia, amene ankadutsa ndi majumbo a kumsika, anaima n'kufunsa mwamantha kuti, "Nalakwa cani, atate?" Nkhani imeneyi ankolo anaikamba mpaka imfa yawo, ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi kunena kuti mayi uja akanakhala wosalakwa sakanaima.

Masabata atatu aja anasanduka zaka ziwiri ndi theka. Kawiri konse Pauline anatumiza anthu ofuna kumutenga galuyo. Oyamba ankolo anawafunsa mafunso mpaka anatsanzika tiyi asanamalize. Achiwiri anawauza kuti galuyu amaluma ana, pamene mano enieni anali atatsala owerengeka. Pauline anazindikira, n'kuleka kutumiza anthu. Anawapempha kuti angosayina pepala galuyo akhale wawo mpaka kalekale. Anakana. Ankati dzina lako likalowa m'buku la munthu silitulukamonso. Choncho pamapepala Ndakuonani anakhalabe galu wa bungwe, wosungidwa mongoyembekezera.

Apa ndiyenera kutchula a Sitima. Nawonso anathawa kumudzi m'zaka zomwe zija, anayendetsa takisi mpaka kupuma, ndipo akazi awo atamwalira ankakhala okha ku Tottenham, kutsidya kwa mtsinje. Loweruka lililonse lachiwiri ankawoloka mtsinje pagalimoto yawo yakale kudzasewera bawo ndi ankolo. Zaka zonsezo ankolo ankawakayikira. Ankati mkulu wawo wa a Sitima anali wapolisi, ndiponso pasipoti yawo sinkavuta kukonzetsa pamene anzawo onse ankakanizidwa. Koma bawo sanaiphonyepo. Ndikawafunsa chifukwa chake, ankati munthu womukayikira ndi bwino azikhala pamene ukuona manja ake. Ndiye chinthu chimodzi chinkawasowetsa mtendere: galu amene sankagwedezera mchira mlendo aliyense, akamva galimoto ya a Sitima ankadzuka n'kukadikira pakhomo.

Loweruka lina, masamba atayamba kuyoyoka, ndinali pakhitchini ndikusita yunifolomu. Ankolo atapita kuchimbudzi, ndinaona a Sitima akupisa m'thumba la khoti, kutulutsa kanthu kokulunga m'pepala, n'kupatsa galu pansi pa tebulo. Anachita mofulumira, akuyang'ana kumasitepe. Zimenezi sizinandichoke m'mutu. M'nyumba imene ija kukayikira kunali ngati chimfine, sukanakhalamo osakutenga.

Lamulungu galu sanadye. Lolemba m'mawa analephera kudzuka. Mimba inali itatupa, akupuma mwabefu, ndipo nditakweza mlomo wake ndinapeza nkhama zili zoyera ngati pepala. Ankolo anali atagwada pambali pake, akumusisita, akufunsa kuti wadya chiyani, ndani wamupatsa chiyani. Pamenepo ndinawauza zimene ndinaona. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinachita bwino.

Sanakalipe. Anadzuka, kukatenga foni, n'kuwauza a Sitima kuti galu wadwala, abwere ndi galimoto. Kwa ola lathunthu anakhala pampando atavala khoti ndi chipewa. Nthawi imeneyo ndi pamene azakhali anandikokera kukhitchini n'kundiuza chinthu chimene Chisomo yemwe sankachidziwa. Ali kumudzi, pasukulu ina ya ku Dedza, iwo ndi ankolo anali ndi galu. M'mawa wina anamupeza atafa kuseri kwa nyumba, thovu lili kukamwa. Patapita masiku awiri kunabwera anthu pagalimoto n'kutenga mng'ono wawo wa ankolo, amene ankakhala nawo, ndipo sanaonekenso. Amene ankamuzoloweza galu uja ndi tizakudya anali mphunzitsi mnzawo, munthu woti ankadya nawo m'mbale imodzi.

A Sitima atafika, ankolo anawatsekereza pakhomo.

"Munamupatsa chiyani Loweruka?"

A Sitima anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana galu ali gone pabulangete. "Chiwindi chootcha. Ndakhala ndikumupatsa chaka chonse. Ndimabisa chifukwa ndimakudziwani."

"Munathiramo chiyani?"

"A Chimwaza, mukuti chiyani?"

"Ndikufunsa kuti munathiramo chiyani, ndipo wakutumani ndani."

Azakhali anafuna kulowererapo koma a Sitima anakweza dzanja. Anapisa m'thumba la khoti lomwe lija, n'kutulutsa kapepala kamafuta. Munali tizidutswa titatu totsala, touma, ta masiku awiri. Anatiika m'kamwa tonse pamodzi n'kuyamba kutafuna, maso ali pa ankolo. Mano awo anali oikirira, ndiye zinatenga nthawi. Tonse tinangoima n'kumawaonerera. Atameza anatsegula kukamwa ngati mwana wamwa mankhwala.

"Ngati muli poizoni, tipitira limodzi ine ndi galuyo," anatero.

Ankolo anayang'ana khoti lija. "Khotilo lili ndi matumba awiri," anatero.

Ndinaganiza kuti a Sitima atembenuka n'kumapita. Anapukuta pakamwa ndi mpango, n'kuwerama kugwira nsonga ziwiri za bulangete. "Eluby, gwira uko," anandiuza. "Galuyu sanandilakwire."

M'galimoto ankolo anakhala kumbuyo, mutu wa galu uli pamiyendo pawo. Tinafika kuchipatala cha ziweto. A Sitima anatsala panja.

Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono, wa msinkhu wa Chisomo. Anamuunika galu m'mimba ndi makina, n'kutionetsa pagalasi. Anati pakapamba panali chotupa chimene chakhala chikukula kwa miyezi, ndipo tsopano chaphulika, magazi akutayikira m'kati. Pa msinkhu umenewu, atamuchita opaleshoni sangadzukenso. Chimene akanatha kuchita ndi kumugoneka ndi jakisoni kuti asavutike. Ankolo anafunsa ngati chotupa chingabwere ndi chinthu chimene galu wadya dzana. Dokotala anati ayi. Anafunsa ngati angayeze magazi kuti aone poizoni. Dokotala anati n'zotheka, koma zotsatira zimatenga masiku, ndipo galuyu alibe masiku. Ankolo anandiuza m'Chichewa kuti madokotala amalemba zimene auzidwa kulemba.

Panalinso vuto lina. Poti galuyo sanali wawo pamapepala, wovomereza anayenera kukhala wa kubungwe. Anamuimbira Pauline, ndipo anafika pasanathe theka la ola, tsitsi lili nyankhalala, atavala nsapato za kumunda. Ankolo atamuona anaimirira pakati pa iye ndi tebulo. Ndinaona kuti akuganiza kuti zonse zinakonzedwa kale. Koma mayiyo anaika cholembera pansi, n'kunena kuti dzina la papepala ndi lake, inde, koma sasayina mpaka a Chimwaza atanena okha. Anakakhala pakona n'kupinda manja.

Chisomo anali atafika kuchokera kuntchito, akulira, akuwachonderera bambo ake m'Chingelezi. Iwo sanamuyang'ane. Galu ankabuula pang'onopang'ono, diso lake lili pa iwo. Kenako ananditembenukira.

"Iwe Eluby, umagwira ntchito ndi odwala. Dokotalayu akunama?"

"Sakunama, ankolo. Taonani nkhamazi. Magazi akutha."

"Chiwindi chija?"

"Si chiwindi. Ndinalakwa kukuuzani mmene ndinakuuziranimo."

Ndinadikira funso lachiwiri, loti ndadziwa bwanji, ndani wandiuza kuti nditero. Silinabwere. M'zaka zonse zimene ndinakhala nawo, aka kanali koyamba kuti alandire mawu a munthu osawatembenuza. Anavula chipewa n'kumugwedezera mutu Pauline.

Fomu itabwera anaiwerenga yonse, mzere ndi mzere, n'kuloza pamene panalembedwa kuti Duke. Anati galu wa dzina limeneli sakumudziwa. Pauline anafufuta, n'kuwapempha kuti amutchulire zilembo chimodzichimodzi, ndipo analemba Ndakuonani. Botolo la mankhwala anapempha kuliona, anavala magalasi n'kuwerenga. Atatero anaika dzanja pansi pa chibwano cha galu, n'kumamuuza chapansipansi kuti asaope, iwo ali pomwepo, aona zonse zimene zalowa mujakisoni. Sizinatenge mphindi ziwiri.

Tisanatuluke, namwino anadutsitsa kamakina kaja pakhosi kuti alembe nambala m'buku. Kanalira ngati kale. Ankolo anapukusa mutu. "Galu wafa," anatero, "kazitape adakali moyo." Azakhali anaseka misozi ili m'maso, koma iwo sanaseke.

Panja tinapeza a Sitima atakhala m'galimoto, ali bwinobwino. Anatibweza kunyumba, anatitsitsa pageti, ndipo sanalowe.

Ankolo sanapepese. Ndikanakonda kulemba kuti anapepesa, koma sizinachitike. Loweruka la bawo linadutsa, lina linadutsanso, mpaka miyezi inayi. Phulusa la galu litabwera m'kabokosi, anati tidziwa bwanji kuti ndi lake, mwina angotapa la agalu onse, ndipo anakana kulikhudza. Azakhali ndi amene analisunga. Pauline anaimba foni kuti pali galu wina wokalamba wofuna banja, iwo anati ayi, n'kuika foni pansi mwaulemu. Kubwalo la udzu analeka kupitako. Ankati munthu woyenda yekha m'mawa popanda galu anthu amamudabwa. Miyendo inayamba kutupa chifukwa chongokhala.

Tsiku lina tikudya, anangoyamba okha. "Kodi Sitima bwanji sakubwera masiku ano? Akubisa chiyani?"

Azakhali anaika supuni pansi. "Mukufuna ndiwaimbire?"

"Ine sindinatero. Ndangoti munthu akasowa chonchi pamakhala chifukwa."

Azakhali anaimba tsiku lomwelo. Loweruka lotsatira a Sitima anabwera, anavula khoti n'kulipachika panja pa chitseko cha pabalaza, n'kutembenuza matumba onse awiri kuti aoneke. Ankolo anaona, anangoyala bawo. Anasewera mpaka chaka chimene ankolo anagonekedwa m'chipatala ndi mtima, ndipo nkhani ya galu sanaikambenso. Ngati ankolo anasiya kuwakayikira, sindikudziwa. Kuchipatala a Sitima ankabwera ndi malalanje, ndipo ankolo ankadya pokhapokha a Sitima atayamba adyako chidutswa. A Sitima ankasenda, kudya chawo, n'kuwapatsira chotsalacho, osadikira kuuzidwa.

Lamulungu la mapemphero lija, anthu atabalalika, ndinatsala kuti ndiwathandize azakhali kubweza mipando. M'kachipinda ka kuseri, pafupi ndi chotenthetsera nyumba, mpando wa ankolo anauchotsa, ndipo pakapeti patsala timaenje tinayi pamene panali miyendo yake. Khoma la pamenepo lili ndi zipsera ziwiri. China chili m'mwamba, chozungulira, pamene ankatsamiritsa mutu wawo wodzola mafuta. China chili m'munsi, chofika m'bondo, chachitali ndi chakuda, pamene galu ankadzikhuza asanagone. Chisomo anagula penti mwezi wa maliro womwewo kuti adzapake chipinda chonse. Chitini chake chili pomwepo pakona, chosatsegula, ndipo azakhali aikapo mphika wa maluwa.